Kamera inaona kale chotupa, nanga MRI ndi CT ndi zachaninso?

Funso: Adokotala, bambo anga awapeza ndi khansa kumapeto kwa matumbo akuluakulu, kufupi ndi kotulukira chimbudzi. Anawalowetsa kale kapaipi ka kamera kaja nkutapako kanyama kokayeza, zotsatira zinabwera, ife timati basi chatsala ndi opaleshoni, koma pano akuti ajambulidwe kaye MRI ndi CT sikani. Sikutaya nthawi kumeneku matenda ali mkati mokula?
Mwana wodandaula

Yankho: Pepani ndi matendawo, koma ayi ndithu, sikutaya nthawi. Kamera ija imangoona mkati mwa thumbo basi, singadziwe kuti chotupacho chalowa mozama bwanji m'khoma la thumbo kapena chaboola nkutulukira kunja. Ndiye malo amenewa ndi othina, m'chiunomo muli chikhodzodzo, prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo), mitsempha, ndi minofu imene imagwira chimbudzi kuti chisamatuluke chokha, dokotala wa opaleshoni sangalowemo mongoganizira.

MRI ya m'chiuno ndi imene imayankha zimenezi. Thumboli lazunguliridwa ndi mafuta okutidwa ndi kachikopa kopyapyala, ndipo pa opaleshoni amachotsa zonsezo pamodzi ngati phukusi losamasula. Chotupa chikayandikira kachikopa kaja mpaka kutsala milimita 1 kapena kuchepera apo, kudula pompo nkoopsa chifukwa khansa ina itha kutsalira nkudzaphukanso pomwepo, ndiye amayamba ndi radiotherapy, kuja ena amati kuwotcha chotupa, ya masiku 5 kapena ya masabata 5 mpaka 6 yophatikiza ndi kemo (mankhwala olimbana ndi khansa), kenako amajambulanso MRI kuti aone ngati chafota. MRI yomweyo imaonetsa ma lymph node, aja akatupa timati mwanabere, ngakhale apa kunena zoona siilondola nthawi zonse, ena amatupa opanda khansa pomwe ena ang'onoang'ono ali nayo. Imaonetsanso kuti chotupa chatalikirana bwanji ndi minofu yogwira chimbudzi ija, ndipo apa mpamene pamadziwikira ngati thumbo lidzalumikizidwenso kapena bambo adzafunika kathumba ka chimbudzi pamimba. Funso limeneli lifunseni msanga, ambiri amachita nalo manyazi.

CT ntchito yake ndi ina, imayang'ana pachifuwa ndi m'mimba ngati khansa yafalikira, makamaka ku chiwindi ndi m'mapapo komwe imakonda kupita. Siichedwa, mphindi zochepa chabe, koma amabaya mankhwala oonetsa bwino ziwalo ndiye amayamba ayeza impso. Chotupa chikakhala chaching'ono kwambiri nthawi zina amaonjezera sikani ina yotchedwa ultrasound yolowetsa kumbuyoko. Palinso ina yotchedwa PET sikani koma si ya aliyense, musadandaule akapanda kuitchula.

Bambo muwauziretu kuti makina a MRI ndi aphokoso zedi ndipo agona osagwedezeka mphindi 30 mpaka 45, koma sizipweteka, ndi maginito chabe. Ngati ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino) kapena chitsulo chilichonse m'thupi anene asanalowe, chimodzimodzi ngati amabanika malo othina. Mwina awabayanso jakisoni woti matumbo adekhe zithunzi zioneke bwino.

Chokhacho, musangokhala chete kudikira. Funsani tsiku lojambula ndi tsiku lomva zotsatira, ndipo mimba ikatupa, akamasanza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, kapena magazi akamatuluka ambiri, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo osadikira sikani.