Apongozi akuti mukazonde kaye nkhukundembo, ndiye mukazonda chani kwenikweni?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe akukhala ku Elkhart kuno ku Indiana m'dziko la America, anakwatira mzungu ndipo chaka chino apongozi awo aamuna awaitana kuti akasake nawo nkhukundembo zakutchire mu April. Funso lawo lili motere: "Madalawa andiuza kuti sizoni isanatsegulidwe ndizipita kumunda kwawo kukachita scouting, ine ndangovomera mwaulemu koma sindikudziwa kuti ndikapita ndikaone chani. Kwathu nkhanga timangozitchera basi. Ndithandizeni ndisakachite manyazi kuchipongozi."

Achimwene, choyamba dziwani kuti madalawo akukondani, mzungu wa kumidzi kuno satengera munthu wamba kutchire kwake, ena ngakhale mwana wawo weniweni samuuza mtengo womwe nkhukundembo zimagonamo. Ndiye musanyozere.

Chomwe akukutumacho ndi chomwe alenje akwathu ankachita kalekale asanaitane uzimba, kupita kukaona kuti nyama zikugona pati, zikumwa pati, zikudutsa njira iti. Kusiyana kwake nkwakuti kuno nthawi ndi yochepa kwambiri. Sizoni ya spring ku Indiana imayamba Lachitatu loyamba pakadutsa pa 20 April ndipo ndi masiku 19 okha, mumaloledwa kupha imodzi yokha, yamphongo kapena yandevu za pachifuwa. Ndiye ngati muli pa shifti ngati ambirife mupeza kuti masiku enieni opita kutchire ndi anayi kaya asanu, simungawathere kufunafuna komwe mbalamezo zili. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ndiyambe ndi pomwe ine ndinagwa nacho chaka choyamba. February yense ndimadutsa pamunda wina wa chimanga wokololakolola popita kuntchito, tsiku ndi tsiku nkhukundembo zili mbwee pamenepo kutola chimanga chotayika, chigulu chachikulu zedi, ine mtima m'malo kuti basi ndapeza. Ndinapita kukapempha kwa mwini munda, anandilola bwinobwino. Tsiku lotsegulira ndinakhala pansi pamtengo kuyambira kusanache mpaka dzuwa paliwombo, matako kuchita dzanzi, osaona olo nthenga imodzi. Chomwe sindinkadziwa nchakuti nthawi yozizira mbalamezi zimayenda m'magulu akuluakulu pafupi ndi chakudya, koma kukayamba kufunda cha kumapeto kwa March magulu aja amabalalika, matadzi amapita kukafuna malo oikira mazira m'maudzu ndi m'zitsamba zowirira, atambala nawo amangotsatira komwe kwapita akazi. Ndiye zomwe mwaona mu February zikuuzani kuti m'derali mbalame zilimo, basi. Kuzonda komwe kumakupatsani nyama ndi kwa masabata awiri omaliza sizoni isanayambe, ndipo masiku atatu omaliza ndiye golide.

Chida chachikulu ndi makutu, osati maso. Nkhukundembo zimagona m'mitengo, m'mwamba ndithu ngati nkhuku za kumudzi zopanda khola zija, ndipo tambala wake kukamayamba kuyera amalira ali mumtengo momwemo asanatsike, kulira kwake kuja kwa gululululu kumamveka patali kwambiri kukakhala kuli zii. Inu ntchito yanu ndi kufika kusanayere. Pakati pa April kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, ndiye pofika 6 koloko mukhale mwaima kale pamalo okwera kapena m'mphepete mwa munda, galimoto mwaisiya kutali, chitseko musamenyetse, foni pa silent, tochi yozima. Imani basi muzimvera. Akalira, onani kumene kwachokera mawuwo, tsegulani mapu pafoni muikepo chizindikiro, ena amagwiritsa onX Hunt yolipira ija koma Google Maps ya satellite ikukwanirani pamunda wa apongozi. Lembaninso nthawi. Kenako musachoke msanga, dikirani mumve kuti akatsika akulowera mbali iti, chifukwa kudziwa mtengo wogonamo ndi theka chabe, chomwe mukufuna ndi njira yake akatsika, pamenepo mpomwe mudzakhale tsiku losaka.

Madzulonso zimatheka. Dzuwa likamalowa zimabwerera kukakwera mitengo ndipo ngati muli pafupi mumamva mapiko phaphapha zikukwera, mbalame yolemera makilo 8 mpaka 10 siikwera mumtengo mwakachetechete. Mitengo yomwe zimakonda ndi ikuluikulu ya nthambi zopingasa, oak, sycamore, pine, makamaka m'mbali mwa mtsinje kapena pamtsetse wa kaphiri. Masana mukapita pansi pa mitengo yotere mupeza zitosi zambirimbiri ndi nthenga za m'mapiko, mukapeza zimenezo mwapeza chipinda chogona, chokanipo msanga ndipo musamabwerebwerepo.

Pali kachinyengo kena komwe kanandiseketsa nditangokamva. Tambala wa nkhukundembo nthawi imeneyi amakhala wamtima wapachala, phokoso lililonse ladzidzidzi amaliyankha, bingu, khwangwala, ngakhale chitseko cha galimoto. Ndiye alenje akuno amalira ngati kadzidzi m'bandakucha kuti iye ayankhe adziulule pomwe ali. Tangoganizani, munthu wamkulu ndi ndevu zake kuima m'tchire usiku kulira ngati kadzidzi, kwathu akanakutengerani kwa amfumu m'mawa womwewo. Koma zimagwira ntchito, ndipo ubwino wake iye saganiza kuti kuli thadzi kapena munthu, amangoyankha mwamkwiyo basi. Dzuwa likakwera kadzidzi sagwiranso bwino, pamenepo mpa khwangwala.

Tsopano mverani apa, chifukwa apa mpomwe mungakhumudwitse apongozi. Mukagula kabokosi koitanira kaja, kamatabwa kamene kamalira ngati thadzi, musakatengere kutchire sizoni isanayambe. Ndikudziwa dzanja limayabwa, nanenso ndinachitapo, tambala anayankha ndipo anabwera akuthamanga mpaka pafupi ngati apa ndi apo, atatambasula chipsepse chake chonse, kenako anandiona ndili chiimire ndi kabokosi m'manja ngati chitsiru. Anangoti putt putt nkuthawa, ndipo sizoni yonse ija tambala ameneyo ndikamuitana amayankha ali kutali koma osasendera. Ndinamuphunzitsa ndekha kuti thadzi la mawu amenewo limavala jekete. Kabokosiko yeserani m'galimoto popita kuntchito kapena kugaraja, akunyumba akatopa nanu akuuzani okha.

Nkhani ya maso awo ndiyofunika muimvetse. Agwape akuno amakugwirani ndi mphuno, nkhukundembo fungo sizisamala kwenikweni koma maso ake ndi oopsa, ali m'mbali mwa mutu ndiye zimaona pafupifupi mbali zonse, zimaona mitundu, ndipo kugwedezeka pang'ono kwa dzanja zaona kale. Ndiye kuzonda kwabwino ndi kwa patali. Ngati munda ukuoneka kuchokera kumsewu khalani m'galimoto ndi mabainokyula, galimoto saziopa kwambiri poti anazolowera mathirakitala ndi mapikapu a alimi. Tsiku lomwe kwagwa mvula yowaza ndi labwino kwambiri pa zimenezi chifukwa zimatuluka m'nkhalango kupita pamtetete. Kuyenda m'kati mwa nkhalango chitani masana, ndipo osadutsa pakati pa munda ngati mukupita kumsika.

Zoyang'ana pansi inu wokulira kumudzi simuvutika nazo, ndi zomwezija za nkhuku kungoti zazikulu. Zimapalasa masamba ouma kufuna tizilombo ndi timtedza ta mitengo ya oak, mupeza malo opalasidwa ngati mbale zikuluzikulu, gwirani dothi lake, ngati ndi lonyowa lakuda ndiye zapalasa lero, ngati lauma ndipo masamba ena agweramo ndi zakale. Zimasambanso fumbi ngati nkhuku, mupeza tizibowo m'dothi lofewa m'mphepete mwa munda muli tinthenga. Mapazi mumawaona bwino m'matope a m'njira ya thirakitala, zala zitatu, la tambala wamkulu limapitirira mainchesi 4 kutalika, lathadzi ndi locheperapo. Ndipo chodabwitsa, chitosi chimakuuzani kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Cha tambala chimakhala chachitali chopindika kumapeto ngati chilembo cha J, cha thadzi chimakhala chozungulira chounjikana ngati kankhono. Ine nditamva koyamba ndinkaona ngati akundinamiza mlendo koma ndi zoona. Nthenga za pachifuwa nazonso, ya tambala kunsonga kwake ndi yakuda, ya thadzi kunsonga ndi yofiirira.

Koma chizindikiro chomwe ine chimandisangalatsa kuposa zonse ndi mizere ya mapiko. Tambala akamadzionetsa kwa akazi amafufuma, chipsepse mmwamba, mapiko kugwetsa mpaka nsonga zake zikukwekwereza pansi, ndiye pamchenga kapena pafumbi mupeza mapazi pakati ndi timizere towonda mbali zonse ziwiri ngati mwana wakoka timitengo. Amakonda kubwerera pamalo omwewo tsiku ndi tsiku, kangodya ka munda, kamsewu kakale m'nkhalango, pamwamba pa kachitunda. Chaka chomwe ndinapha yanga yoyamba sindinaipeze ndi luso loitana ayi, ndinapeza timizere timeneti pakanjira kena kamchenga, ndinabwera masiku awiri kudzasuzumira patali nkuona kuti amafika cha m'ma 9 koloko matadzi akamusiya. Tsiku lachitatu la sizoni ndinakhala pamenepo nditatsamira mtengo waukulu ndipo anabwera yekha ngati wapangana nane.

Zoti matadzi amamusiyazo nzofunika. Thadzi limaikira dzira limodzi patsiku mpaka akwane 10 kapena 12, kenako limafungatira masiku 28. Ndiye sizoni ikamapita mkati, m'mawa matadzi amazemba kupita kuzisa, tambala amatsala yekha ndipo nthawi imeneyo mpomwe amamvera kuitana. Anthu ambiri pofika 8 koloko atopa apita kukamwa khofi, pomwe zinthu zimayamba kukoma ndi pamenepo. Mukamazonda musamangoona za m'bandakucha, tsiku lina Loweruka khalani mpaka cha m'ma 11. Mukapunthwa pa chisa chili ndi mazira musakhudze, bwererani momwe mwadzeramo, izi si nkhanga zakwathu zoti mazira tikaikire nkhuku.

Phunziraninso kusiyanitsa tambala wamkulu ndi kamnyamata ka chaka chimodzi komwe akuno amati jake. Kamnyamatako ndevu zake za pachifuwa ndi zazifupi ngati chala, ndipo kakatambasula chipsepse nthenga zapakati zimatalika kuposa zam'mbali, pomwe wamkuluyo chipsepse chake ndi chozungulira bwinobwino ndipo ndevu zimalendewera. Lamulo limalola kupha kamnyamatako koma afunseni apongozi kaye, ena pamunda pawo safuna, amati kakule.

Zamalamulo ndingodutsamo mwachangu koma musazipeputse, game warden wakuno, wapolisi wa zanyama zakutchire, sapatsidwa ya fanta. Mufunika laisensi ya turkey ya spring komanso sitampu ya game bird habitat, zonse mugula pa webusaiti ya DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona zachilengedwe. Ngati munabadwa pakadutsa pa 31 December 1986 mukuyenera kuchita kosi ya hunter education, apo ayi mutenge laisensi ya apprentice yoti muzisaka muli limodzi ndi madalawo. Ngati muli pa viza wamba osati green card, lamulo la dziko lonse sililola kugwira mfuti pokhapokha muli ndi laisensi yosakira yogwira ntchito, ndiye pepala liyambe mfuti pambuyo, ngakhale yobwereka. Ndipo poti mwatchula zotchera, iwalani. Kumwaza chimanga kuti zizolowere malo ndi mlandu ku Indiana, misampha ndiye musaiganize nkomwe. Mukaona mitengo yopakidwa penti ya pepo m'malire a munda ndiye kuti mwini wake akuti musalowe, nkhukundembo ikawoloka malire yapita basi.

Kukhwima kwa malamuloku kuli ndi mbiri yake. Mbalamezi zinatheratu ku Indiana cha m'ma 1900 chifukwa chodula nkhalango ndi kusaka mosaletsa, boma linachita kukazigwira kumadera ena ndi maukonde nkumadzazitulutsa kuno kuyambira 1956 mpaka 2004, ndipo sizoni yoyamba inatsegulidwanso mu 1970. Apongozi anuwo ngati ndi achikulire anakula osaiona nkhukundembo yakutchire pamunda pawo, afunseni tsiku lina muone mmene ayankhulire, mumvetsa chifukwa chake amaziwerenga ngati ng'ombe.

Zovala, musavale chofiira, choyera kapena cha buluu, imeneyo ndi mitundu ya mutu wa tambala ndipo mlenje wina wopupuluma akhoza kukuonani molakwika, ngakhale sokosi yoyera yosuzumira pamwamba pa buti ibiseni. Nkhupakupa nazo mu April zadzuka ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme, thirani mankhwala opha tizilombo a permethrin pa zovala dzulo lake, buluku lowetsani m'sokosi, mukafika kunyumba dzifufuzeni thupi lonse. Ndipo poti muzikhala mukuyang'ana pansi, nthawi yomweyi mpomwe kumamera bowa wa morel uja wooneka ngati chisa cha njuchi, pafupi ndi mitengo ya elm yakufa. Mukaupeza musadye musanawaonetse madalawo poti pali wina wofanana nawo wapoizoni, koma mukabwera nawo weniweni wodzaza chipewa, apongozi aakazi akukhululukirani ngakhale mubwere opanda mbalame. Mundilembere kumapeto kwa March mundiuze kuti mwamva atambala angati, ndipo mapu a mundawo mukanditumizira ndikuthandizani kuona pokhala, sindibwera kudzakuberani malo, mwina.