Mafunso ndi Mayankho: Alendo Akubwera Kudzavina Nafe

Funso: Ndimatsogolera gulu la magule ku Kapata. Mwa ovina athu muli osamva atatu ndi awiri oyendera njinga za olumala. Akatswiri a gule wamakono a ku Ulaya akufuna kudzakonza nafe gule kwa milungu iwiri. Tiyambire pati? — Mayi wa ku Chipata

Yankho: Mayi, yambani ndi povinira. Simenti imapweteka maondo ndiponso imameza kunjenjemera kwa ng'oma. Yalani matabwa osalala pamwamba pa timitanda kuti pansi pakhale mpata, ng'oma ikhale pamatabwa pomwepo, ndipo osamva adzaimva ndi mapazi. Woimba ng'oma aime poonekera, wina aziwerenga ndi manja. Khomo likhale lotambalala masentimita 90, ndipo njinga imafuna malo a mita 1.5 kuti itembenuke. Pomanga kanjira kotsetsereka kokwererapo njinga, mukakweza sentimita imodzi mutalikitse masentimita 12. Pakatsetsereka kuposa apo, njinga ikhoza kugwa chagada.

Omasulira chinenero chamanja akhale awiri, azisinthana pakapita mphindi 20 kapena 30. Achokere konkuno, chifukwa chinenero chamanja cha ku Zambia n'chosiyana ndi cha ku Britain. Funsirani kusukulu ya osamva ya Magwero.

Chomwe chimaononga ntchito zotere ndi ichi: mlendo amafika ndi gule wokonzeratu, osalumala n'kumavina, wapanjinga n'kumangokankhidwa uku ndi uku ngati katundu. Musalole. Wovina aliyense ayambe waonetsa mavinidwe a thupi lake, ena aphunzire kwa iye. Kuponda kwa ngoma ya Angoni, wapanjinga angakuonetse ndi mapewa kapena pomenya gudumu ndi chikhato. Magulu a magule monga Candoco ya ku London, yomwe inayamba mu 1991, ndi AXIS ya ku Oakland ya mu 1987, anatchuka chifukwa wolumala amavina monga katswiri mnzawo. Njinga ndi mbali ya thupi la mwiniwake, osaigwira musanapemphe. Wovulala msana azisuntha thupi mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kupewa zilonda zapakhungu, ndipo asanyamulidwe pomukoka m'khwapa.

Alendo asanakwere ndege, lemberanani malipiro a wovina aliyense, ndalama zoyendera, komanso mwini wa vidiyo ndi zithunzi.

Funso: Kodi tingaikemo Gule Wamkulu, poti alendo amaukonda? — Bambo wa ku Katete

Yankho: Bambo, pepani, ayi. Kuti UNESCO inauzindikira mu 2005 sizitanthauza kuti aliyense angavale chigoba. Gule ameneyu ali ndi eni ake, olowa kudambwe ndi mafumu. Alendo akafuna kuuona, apite nawo ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, ndipo apemphe asanajambule. Pa gule wanu tengani chitelele kapena chimtali, ndipo amayi amene akuphunzitsani nyimbozo muwatchule mayina ndi kuwalipira.