Akusankhani kusamala holo yakale? Funsani kaye kuti makiyi ali ndi ndani

Mayi wina wa ku Mchinji anandilembera imelo sabata yatha. Akuti anzawo awasankha kukhala wapampando wa komiti yofuna kupulumutsa holo yakale ya kwawoko, momwe kale munkachitika zisudzo ndi kanema. Ntchito yake ndi yongodzipereka, koma asanagule ndi msomali womwe, anthu ayamba kale kunong'onezana kuti akudyapo. Akufunsa kuti apitirize kapena atule pansi udindo.

Mayi, kalata yanuyi yandifika pamtima, chifukwa inenso ndinakhalapo mlembi wa komiti yotereyi kuno ku Kasungu. Dzina la holoyo sinditchula, ena mwa anthu ake tikumanabe kumaliro.

Holo imeneyo ndi yomwe tinakuliramo. Tili kusekondale, mpikisano wa zisudzo wa ATEM unali nkhani yaikulu kuposa mpira. Katani inali mabulangete osokerera pamodzi, nsalu za mfumu tinkabwereka kwa agogo, ndevu zinali thonje lomata ndi phala. Amene analibe ndalama ya pakhomo ankakwera panjinga n'kumasuzumira pawindo. Kukhoma lakumbuyo kunali kabowo kang'ono komwe kuwala kwa kanema kunkatulukira, ndipo ife ana tinkatembenuka n'kumayang'ana fumbi likuvina m'kuwalako mmalo moonera kanemayo.

Tsiku lomwe tinakatsegula holoyo patapita zaka ili yotseka, chinayamba kutilonjera ndi fungo la mileme. Pasiteji panali matumba a chimanga cha munthu wina yemwe palibe ankamudziwa bwinobwino, koma anali ndi kiyi. Matabwa a sitejiyo ankaoneka abwino pamwamba, koma kalipentala wathu, mkulu wachikulire wosayankhula zambiri, anangobaya ndi msomali, msomaliwo n'kulowa wonse. Chiswe chinali chitadya m'kati monse n'kusiya khungu lokha. Anayang'ana kudenga, n'kuloza pomwe malata anaboola ndi dzimbiri, n'kunena kuti, “Achimwene, matenda ali apo. Pansipa n'zotsatira chabe.”

Kumsonkhano woyamba kunabwera anthu osakwana pamabenchi. Titafika pa zina ndi zina, bambo wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti alawansi tisainira kwa ndani. Atamva kuti kulibe, msonkhano wotsatira tinakwana pabenchi limodzi. Apa ndinene mosapsatira: chizolowezi cha maalawansi chatiwonongera ntchito zachitukuko kuposa chiswe. Munthu sangakhale pansi kukambirana za denga la holo yomwe mwana wake adzachitiremo ukwati popanda Fanta ndi envulopu. Ndipo anthu omwewo, omwe anathawa atamva kuti ndalama palibe, ndi amene amayamba kufalitsa kuti otsalawo akudya. M'maganizo mwawo munthu sangagwire ntchito yaulere, ndiye ngati mukubwerabe, ndiye kuti pali chomwe mukupezapo. Miseche yomwe mukumvayo, mayi, gwero lake n'limeneli. Sikuti mwalakwa kanthu.

Kunabweranso bwana wina wagalimoto yaikulu nthawi ya kampeni. Anazungulira holo yonse, anagwira khoma, anajambulitsa nafe, analonjeza malata onse ndi mipando yapulasitiki. Tinaimba m'manja mpaka manja kuwawa. Malatawo tikudikirabe. Chomwe chinandipweteka si bodzalo ayi, koma kuti tinaimitsa zopereka zathu nyengo yonse ya fodya podikira iyeyo. Aliyense wa kuno amadziwa kuti ndalama imayenda msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, cha m'ma Epulo mpaka Ogasiti. Ukaphonya miyezi imeneyo, ukapempha Januwale anthu akusaka ufa ndi feteleza, amangokuyang'ana.

Ena amati izi n'zakumudzi, kutauni zinthu zimasamalidwa. Aiwala za French Cultural Centre ku Blantyre. Amenewo ndiwo anali malo a zisudzo m'dziko muno. Du Chisiza Jnr, yemwe anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kumwalira mu 1999, ankadzaza malo amenewo, a Kwathu Drama Group chimodzimodzi. Eni ake atatseka mu 2011, malowo anakhala opanda wowayang'anira mokwanira, akuba n'kulowa n'kuzula zomwe akanatha kunyamula. Boma linatenga malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma kukonzanso kwatenga zaka ndi zaka. Nyumba yomwe inakhala bwinobwino nthawi yonse yomwe munkalowa anthu inawonongeka m'kanthawi kochepa itangokhala yopanda munthu.

N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi makomiti omwe amatseka holo n'kunena kuti tidzatsegula tikadzamaliza kukonza. Simudzamaliza. Onani a Market Theatre ku Johannesburg. Akatswiri a zisudzo Barney Simon ndi Mannie Manim anatenga msika wakale wa zipatso, womangidwa mu 1913, n'kuusandutsa malo a zisudzo. Sanadikire kuti zonse zithe. Anayamba ndi chipinda chaching'ono chapamwamba mu Juni 1976, mwezi womwewo wa zipolowe za ku Soweto, holo yaikulu n'kudzatsegulidwa pambuyo pake chaka chomwecho. Ku Atlanta, ku America, Fox Theatre yomwe inatsegulidwa mu 1929 inatsala pang'ono kugwetsedwa mu 1974 kuti kampani ya matelefoni imangepo. Anthu wamba anayambitsa kampeni ya Save the Fox, n'kukhazikitsa bungwe losapanga phindu, n'kumachititsa zoimbaimba momwemo kuti abweze ngongole yogulira nyumbayo. Ilipo mpaka lero. Ndalama zawo ndi zathu n'zosiyana kutali, ndikudziwa, koma onsewa anasunga nyumba polowetsamo anthu.

Tsono pali nkhani ya matchalitchi ndi maukwati, yomwe inatigawanitsa kwambiri. Anyamata a zisudzo ankati holo ndi ya luso, sitingaisandutse kachisi. Ndinkawamvetsa, koma zisudzo zokha sizingalipire mlonda ku Kasungu kapena ku Mchinji, makamaka masiku ano pomwe aliyense ali ndi sewero lake m'foni. Bwereketsani. Mpingo Lamulungu m'mawa, ukwati Loweruka, zinkhoswe, maphunziro a mabungwe pakati pa sabata. Koma musapereke kiyi kwa wobwereka, ndipo musalole pangano la zaka. Ife tinabwereketsa gulu lina pongogwirana chanza. Pasanathe nthawi anali atatseka kabowo ka kanema kaja ndi njerwa, atapaka utoto wawo pakhoma, n'kumalankhula zogumula siteji kuti akulitse malo okhala. Powauza kuti ayi, anatiyankha kuti akonza ndi ndalama zawo, ife ndife ndani. Ndipo kunena zoona, papepala sitinali aliyense. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwira.

Tsono mutani?

Musatule pansi, mayi, koma musagulenso kanthu musanadziwe mwini nyumbayo. Ndi ya khonsolo, ya mpingo, ya sukulu, kapena ya banja lina? Pitani mukaone mwiniyo, akupatseni kalata yosainidwa yonena kuti komiti yanu yaloledwa kusamala ndi kugwiritsa ntchito holoyo kwa nthawi yakuti, ndiponso kuti ndalama za lendi zizipita kuti. Amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'deralo aidziwe kalatayo. Ngati nyumbayo ndi yakale zedi, lemberani a Department of Museums and Monuments musanagumule kapena kusintha khoma lililonse, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limateteza nyumba zina zotere, ndipo iwo ndi amene angakuuzeni ngati yanu ili m'gululo. Gulu likakhazikika, mukhoza kulilembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act kuti lizitha kusaina mapangano m'dzina lake.

Za ndalama, inu musagwire ndi tambala yomwe. Zopereka zisalowe pa Airtel Money kapena Mpamba ya foni yanu, ngakhale zitakhala zachangu bwanji. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, ndipo mwezi uliwonse msungichuma alembe zolowa ndi zotuluka papepala lalikulu, limatidwe pachitseko cha holo pomwe aliyense wodutsa awerenge. Amiseche sadzasiya, koma adzasowa pogwira.

Pokonza, yambani ndi denga mvula ya Novembala isanafike, kenako mankhwala a chiswe, kenako zitseko ndi maloko. Utoto, matailosi ndi chikwangwani chokongola zidikire. Kwa inu a ku Mchinji, pemphani anthu akagulitsa soya ndi mtedza, ndipo amene alibe ndalama apereke lata limodzi kapena tsiku limodzi la ntchito.

Mu komitimo mulowe achinyamata a zisudzo ngakhale awiri, chifukwa ife okalamba tikusunga zomwe tikukumbuka, pomwe iwo akufuna pochitira sewero mwezi wamawa. Dziikireni nokha malire a zaka ziwiri pampandopo, mulengeze poyera tsopano lino. Ndipo sabata ino, musanaitanitse msonkhano wina uliwonse, fufuzani kuti ndi anthu angati ali ndi makiyi a holoyo, mugwirizane ndi mwini wake, musinthe maloko onse.