Funsani Akatswiri: Kugula makamera a chitetezo kwa eni ake owapanga

Funso: Ndili ndi golosale ndipo akuba andithyolera kawiri chaka chino. Mmisiri wina wanditchulira mtengo wa makamera anayi, koma mwana wanga wapeza ofanana nawo pa intaneti, kukampani yowapanga yeniyeniyo, otchipa kwambiri. Kodi mmisiriyu sakundidyera masuku pamutu? *Mayi wa golosale, Lilongwe*

Yankho: Pepani ndi zakubazo, mayi. Mwana wanu sakunama. Masiku ano makampani ambiri akugulitsa okha makamera kwa munthu wamba. Reolink imagulitsa patsamba lake komanso pa AliExpress, TP-Link ili ndi makamera a Tapo, ndipo makampani awiri akuluakulu a mumzinda wa Hangzhou ku China, Hikvision ndi Dahua, adatulutsa makamera a pakhomo m'mayina a EZVIZ ndi Imou. Koma mtengo mwauona pafoniwo ndi wa katoni isanachoke kwawo. Wonjezeranipo ndalama yotumizira, msonkho wa kasitomu ndi VAT za ku MRA, zomwe amawerengera pamtengo wa katundu pamodzi ndi wonyamulira, osaiwala vuto lopeza madola oti khadi lanu la kubanki lilipire.

Ndiye pali zimene katoniyo sibwera nazo. Makina osungira zithunzi, amene amatchedwa NVR, nthawi zambiri amagulitsidwa opanda hard disk. Mukaona pamalonda palembedwa "No HDD", dziwani kuti muguliranso padera. Mapaipi obisamo waya, makwerero, kuboola khoma, zonsezo zili kwa inu. Kampani imalonjeza kukonza kapena kusintha kamera ikawonongeka m'chaka chimodzi kapena ziwiri, koma kutumiza kamera imodzi kubwerera kunja kungadye ndalama yoposa mtengo wa kamerayo. Mmisiri wa pano mumangomuimbira foni. Mbali ina ya ndalama akukutchuliraniyo ndi ya ulendo umenewo.

Chenjerani kwambiri ndi makamera olembedwa Hikvision kapena Dahua amene atchipa mopitirira. Makampani awiriwa katundu wa dzina lawo lenileni amamudutsitsa mwa ogulitsa ovomerezeka. Ambiri mwa otchipa kwambiriwo adapangidwira msika wa ku China, ndiye wogulitsa amasintha pulogalamu ya mkati kuti iziwoneka m'Chingerezi. Tsiku limene mudzaikamo pulogalamu yatsopano, kamera imabwerera m'Chitchaina kapena kufa kumene, ndipo eni ake savomera kuikonza. Pogula, onetsetsani kuti sitolo ya pa intanetiyo ndi ya kampaniyo yeniyeni.

Ife tikuona kuti pagolosale pamafunika makamera a waya a mtundu wa PoE, amene waya mmodzi amanyamula magetsi ndi zithunzi zomwe kukafika ku NVR. A Wi-Fi ndi osavuta kuika, koma khoma la njerwa ndi malata zimafooketsa netiweki, ndipo rauta ikathima nawonso achita khungu. Muuzeni mmisiriyo akulembereni kotesheni yonena dzina ndi nambala ya kamera iliyonse, kukula kwa hard disk, mamita a waya ndi mtengo wa ntchito payokha. Pamenepo mudzaona nokha ngati kusiyanako kuli koyenera. Mukaona kuti kuitanitsa nokha kukupindulitsani, itanitsani, koma mmisiriyo mumulipire kuti adzaike.

Pawaya m'pamene ambiri amagwa. Waya wa Cat5e kapena Cat6 asapitirire mamita 100 kuchokera pa kamera kufika ku NVR, ndipo akhale wa kopa weniweni. Pamsika padzaza waya wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Sendani kachidutswa, palani kawaya kamodzi ndi mpeni: mkati mukayera, musiyeni. Waya wotere amataya magetsi panjira, ndiye masana kamera imaoneka bwinobwino, koma usiku ikayatsa timagetsi take toonera mumdima imayamba kuthimathima, nthawi yomwe akuba amabwerayo.

Kunena za magetsi, a ESCOM ndi 230V, choncho onani kuti pa adaputala palembedwa 100-240V, ndipo sankhani pulagi ya UK, ya mano atatu ija. Makamera anayi ndi NVR amadya pafupifupi mawati 45 usiku. Batire ya 12V 100Ah imasunga mawati 1,200 a paola, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupyola theka, ndiye mwatsala ndi 600. Kuchotsapo zotayika mu inveta, ikukwanirani maola 10 kapena 11. Popanda batire, magetsi akangothima mwatsala ndi zokongoletsa khoma chabe. NVR musaiike pakauntala. Ibiseni mudenga kapena m'bokosi lachitsulo lokhoma koma lolowa mpweya, chifukwa wakuba wodziwa amayamba wanyamula imeneyo.

Funso: Hard disk yaikulu bwanji ingasunge zithunzi za mwezi wathunthu? Nanga bandulo ndizigula yochuluka bwanji? *Bambo wa hadiweya, Mzuzu*

Yankho: Masamu ake ndi awa, bambo. Kamera yojambula pa 2 Mbps (muyeso wa kuchuluka kwa data pa sekondi) imadzaza pafupifupi 21.6 GB patsiku. Makamera anayi ndi 86 GB, ndiye hard disk ya 1 TB imadzaza m'masiku 11, kenako makina amayamba kufufuta zakale. Ya mwezi wathunthu ikhale 3 TB kapena 4 TB. Pa njira yopanikizira zithunzi, sankhani H.265 m'malo mwa H.264 kuti malo asathe msanga, ndipo gulani disk yopangidwira kujambula usana ndi usiku, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ya mukompyuta wamba imatopa msanga.

Kujambula kokha sikudya bandulo, chifukwa zithunzi zimatsala mu NVR. Bandulo imapita pamene mukuonera pafoni muli kutali. Chithunzi chooneka bwino kwambiri cha 4 Mbps chimadya 1.8 GB paola, pomwe chaching'ono cha 0.5 Mbps chimadya 225 MB zokha, ndipo bandulo imatha mbali zonse ziwiri, kusitolo ndi pafoni yanu. Makampani ogulitsa okha amakonda kukokera anthu kosungira zithunzi pa intaneti kolipira mwezi ndi mwezi m'madola. Musanagule, tsimikizani kuti kamerayo imatha kusunga pa memory card kapena mu NVR popanda kulipira kanthu.

Funso: Ndikufuna kamera ya sola yolowa SIM card kukhola la nkhumba, komwe kulibe magetsi. Iliyonse ingagwire? *Mlimi, Mchinji*

Yankho: Ayi ndithu. Kamera yomweyomweyo imakhala ndi mtundu wa ku America ndi wa ku Europe, ndipo imasiyana mabandi a 4G, kutanthauza mafunde amene netiweki ya foni imayendera. Funsani a Airtel kapena TNM mabandi amene akugwiritsa ntchito kwanuko, muyerekeze ndi olembedwa pamalonda. Wa ku America usiyeni. Dziwaninso kuti makamera ambiri a batire sajambula nthawi zonse. Amagona, n'kudzuka akamva kutentha kwa thupi likudutsa, ndiye munthu wobwera molunjika kamera amachedwa kumumva. Iikeni chammbali, kuti wolowa pakhomo la khola aidutse chopingasa, komanso isayang'ane nkhumba zenizenizo, apo ayi batire izitha usiku uliwonse. Sola iyang'ane kumpoto.

Funso: Masana kamera yanga imaonetsa bwino, koma usiku pamangooneka mbuu ngati chifunga. Yawonongeka? *Wowerenga, Zomba*

Yankho: Siinawonongeke. Kuwala kwa timagetsi ta usiku kukuwomba chinthu chapafupi, khoma loyera, denga la khonde kapena ulusi wa kangaude, n'kubwerera m'diso la kamera. Itembenuzeni kuti khoma lisaoneke m'mbali mwa chithunzi, ndipo muzipukuta ndi kansalu kofewa kamodzi pa sabata, makamaka nyengo ya ngumbi. Kamera yoonera pawindo lagalasi imachitanso chimodzimodzi. Kamera yanu ikhale m'mwamba mamita 2.5 mpaka 3 kuchokera pansi. Mukaikweza kwambiri muzingojambula zipewa.

Funso: Akuti anthu ena angathe kuonera makamera anga ali kunja. Ndi zoona? *Mphunzitsi, Blantyre*

Yankho: Ndi zoona, ndipo ogula okha ndiwo amagwidwa kwambiri chifukwa palibe wowakumbutsa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalanda makamera ndi makina ojambulira ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi a kufakitale monga "admin" ndi "12345". Mu 2021 padapezekanso bowo lalikulu m'makamera ambiri a Hikvision, ndipo kampaniyo idatulutsa pulogalamu yotseka bowolo. Amene sanaiikemo adatsala pambalambanda. Tsiku loyamba lomwelo sinthani pasiwedi, ikhale yaitali, yosakhala dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Thimitsani UPnP pa rauta (imeneyi imalola kamera kudzitsegulira yokha khomo la pa intaneti), ndipo pulogalamu yatsopano muziitenga patsamba la kampani yokha. Akaunti ya pafoni itsegulidwe ndi imelo yanu, osati ya mmisiri kapena ya mwana wa mlongo wanu, chifukwa makamera ambiri amamangika ku akaunti imene yayamba kuwalembetsa, ndipo kuwamasula popanda mwini akauntiyo ndi ntchito yaikulu. M'chipinda chogona kapena chosambira musaikemo kamera, ndipo antchito anu auzeni pamene mwaika.