Nyerere zikapanda kubwera pa mkodzo, ndiye kuti shuga palibe?

Mayi wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso lomwe ndaona kuti ndiliyankhire pano, poti si iwo okha amene ali nalo. Akuti apongozi awo aamuna akumadzuka kangapo usiku kukataya madzi, ludzu silikuwatha, ndipo thalauza layamba kukhwepa m'chiuno. Atauzidwa zopita kuchipatala, madalawo anakana. Akuti anadziyeza kale: anakodza kuseri kwa nyumba, nyerere sizinabwere, ndiye shuga alibe. Anawonjezeranso kuti shuga ndi matenda a masiku ano, a anthu a m'tauni. Funso la mayiwa n'lakuti: "Kodi za nyererezi n'zoona? Nanga matendawa anayamba liti?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene litifikitse pa nyererezo.

Matendawa ndi akalekale. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa gumbwa wotchedwa Ebers, wolembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, ndipo muli mankhwala a munthu amene akukodza mopitirira muyezo. Sing'anga wina wachigiriki, Aretaeus wa ku Cappadocia, analemba zaka pafupifupi 1,900 zapitazo kuti wodwala amaoneka ngati mnofu wake ukusungunuka n'kumatuluka ndi mkodzo. Aliyense amene anaonapo m'bale wake akuonda pomwe akudya ndi kumwa kwambiri amvetsa zimene mkuluyu ankanena.

Za nyerere, apongozi anu sanazipeke. Asing'anga akale a ku India, monga Sushruta ndi Charaka, analemba za odwala amene mkodzo wawo unali wozuna ngati uchi ndipo unkakopa nyerere. Ku Ulaya anachedwa kuzindikira zimenezi. Mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, ndi amene analemba kuti mkodzo wa odwalawa ndi wotsekemera, ndipo njira yodziwira inali imodzi yokha, kulawa ndi lilime. Mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaumitsa mkodzo wa wodwala, pansi n'kutsala zinthu zoyererako zokoma ngati shuga. Anapezanso kuti kutsekemerako kuli m'magazi momwe. Apa m'pamene zinayamba kuoneka kuti vuto silili m'chikhodzodzo ayi, mkodzo umangoulula zimene zili m'magazi.

Tsono pamene madala akulakwitsa ndi apa. Impso za munthu sizitaya shuga wamba. Zimamusefa n'kumubwezera m'magazi, ndipo zimayamba kumulola kutuluka mu mkodzo akakwera m'magazi kufika cha pa 180 mg/dL, kapena kuti 10 mmol/L, yomwe ndi miyeso ya kuchipatala ya kuchuluka kwa shuga m'magazi. Koma kuchipatala amati munthu ali ndi matenda a shuga akamuyeza m'mawa asanadye kanthu n'kupeza 126 mg/dL, yomwe ndi 7 mmol/L, kapena kuposa apo. Pakati pa 126 ndi 180 pali mpata waukulu. Munthu atha kukhala mu mpata umenewu zaka zambiri, mkodzo wake wopanda shuga, pomwe maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi zikuonongeka pang'onopang'ono. Kwa okalamba ena impso zimagwirabe shugayo ngakhale atadutsa 180. Ndiponso nyerere zili ndi zochita zake. Kukagwa mvula, kapena zikapeza nyenyeswa za chakudya kwina, sizibwera. Zikabwera, nkhani ndi yothamangira nayo kuchipatala. Zikapanda kubwera, sizinanene kanthu.

Chimene chimandikhudza ndikamawerenga mbiriyi ndi kutalika kwa nthawi imene anthu ankawadziwa matendawa koma opanda chowachitira. Zaka zoposa 3,000. Gwero lake linadziwika mu 1889 mumzinda wa Strasbourg, pamene Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa kapamba wa galu, chiwalo chimene chimakhala kuseri kwa chifu, ndipo galuyo anadwala shuga. Komabe mankhwala kunalibe. Cha m'ma 1915 chithandizo chotchuka ku America chinali cha dokotala Frederick Allen, chomana wodwala chakudya mpaka kutsala mafupa okhaokha, kuti apezeko miyezi ingapo ya moyo. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'zimenezi anali Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yoona za maiko akunja ya dzikolo, Charles Evans Hughes. Udindo wa bambo ake sunathandize kanthu. Mu Ogasiti 1922, ali ndi zaka 14, ankalemera makilogalamu pafupifupi 20 okha. Ndimayesa kuganizira mayi ake akumuyezera chakudya pa sikelo, mwana akulira njala, iwo akudziwa kuti kumuonjezera n'kumupha.

Chinamupulumutsa chinachokera ku Toronto m'dziko la Canada. Mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best, omwe ankagwira ntchito mu labotale ya John Macleod, anatenga timadzi ta m'kapamba n'kutsitsa nato shuga wa agalu odwala. James Collip anatiyeretsa timadziti, tomwe timatchedwa insulini, kuti tithe kubayidwa kwa munthu. Woyamba kulandira anali mnyamata wotchedwa Leonard Thompson, pa 11 Januwale 1922. Jekeseni woyambayo sanayende bwino, koma wa pa 23 Januwale anatsitsa shuga wake ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo zaka zina 13. Elizabeth uja anayamba kulandira insulini chaka chomwecho, anakula, anakwatiwa, anabereka ana atatu, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 73. Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel mu 1923, ndipo tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, 14 Novembala, ndi tsiku lobadwa la Banting.

Pali kanthu kena kamene sindifuna kukadumpha. Umwini wa mankhwalawa anaugulitsa ku yunivesite ya Toronto pa mtengo wa dola imodzi yokha kwa aliyense wa amene anasaina, n'cholinga choti afikire onse. Padutsa zaka zoposa 100, koma kwathu kuno alipobe amene amayenda mtunda wautali kukatenga kabotolo ka insulini, n'kukakasunga mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa chifukwa kunyumba kulibe firiji. Zimenezi zimandiwawa.

Ana ngati Leonard ndi Elizabeth anali ndi shuga wa mtundu woyamba, amene thupi limaleka kupanga insulini. Akuluakulu ambiri amadwala wa mtundu wachiwiri, amene insulini ilipo koma thupi silikuimvera bwino. Umenewu nthawi zambiri amayamba kuuthandiza ndi kusintha kadyedwe, kuyendayenda, ndi mapiritsi monga metformin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1957. Ngati madala akuopa kuti akangopita akayamba kubayidwa tsiku ndi tsiku, auzeni kuti si onse amene amayambira pa jekeseni. Ndipo zoti ndi matenda a m'tauni okha si zoona. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika ku Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 6 pa 100 alionse anali ndi shuga wokwera, akumudzi omwe.

Sindine dokotala wawo, koma zizindikiro zitatu mwatchulazo, kukodza usiku, ludzu ndi kuonda, n'zosayenera kuzengereza nazo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mkamwana sangakhale pansi ndi apongozi aamuna n'kumakambirana za mkodzo. Uzani bambo a kunyumba, kapena achimwene awo a madalawo amene amawamvera, kuti ndiwo alankhule nawo. Asawatsutse za nyererezo, angowauza kuti kuchipatala kuli kamakina koona msanga kuposa nyerere. Apite m'mawa asanadye kapena kumwa tiyi, patadutsa maola 8 chidyereni. Amangobaya kunsonga kwa chala, kadontho kamodzi ka magazi, nambala n'kuoneka pomwepo. Apemphenso kuti awayeze BP ndi kuwaona kumapazi ngati kuli kachilonda kosapola.