Ndinawafunsa ngati ndi Mtchaina, anangondithirira tiyi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amakaoda nsapato ku Guangzhou, m'dziko la China. Amene amawagulitsa ndi bambo wa ku Taiwan yemwe ali ndi fakitale mumzinda wa Dongguan, ku China komweko. Akuti tsiku lina akudya, pali Matchaina angapo, anafunsa bambowo kuti, "Kodi inuyo ndinu Mtchaina kapena ayi?" Bambowo anangoseka, n'kuwathirira tiyi, n'kuyamba kukamba za mitengo ya zikopa. Ndiye akufunsa kuti, kodi ndinalakwa?

Amayi, simunatukwane, koma munawapanikiza pakona. Funso limenelo, pamaso pa anthu amenewo, lilibe yankho lopanda ngozi.

Mu 1949 Chiang Kai-shek, amene ankatsogolera China, atagonja kwa asilikali achikomyunizimu a Mao Zedong, anathawira pachilumba cha Taiwan ndi boma lake, ndipo kuyenderana pakati pa Taiwan ndi China kunatha. Mu 1987 mpamene Taiwan inalola anthu ake kukaona abale kutsidya. Amalonda sanachedwe. Foxconn, kampani ya ku Taiwan, inatsegula fakitale mumzinda wa Shenzhen ku China mu 1988, ena n'kudzaza mizinda ya Dongguan ndi Kunshan.

Anthuwa ku China si alendo, komanso si eni mudzi. Beijing imati ndi abale, motero salowa ndi pasipoti ya Taiwan. Amapatsidwa chiphaso chawochawo. Koma lamulo la kwawo likuti ukatenga pasipoti ya China kapena kulembetsa m'kaundula wa mabanja kumeneko, wataya unzika wa ku Taiwan. Ndiye munthu amatha kukhala zaka 20, mkazi n'kukwatira konko, antchito onse Matchaina, koma dzina lake lili m'kaundula wa kwawo. Ambiri akadwala kwambiri amakwera ndege kukachizidwa kwawo. Pachisankho ndi chimodzimodzi, poti ku Taiwan sungavote uli kunja.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi nkhani ya ana. Ku Dongguan kuli sukulu ya ana a amalondawa imene inatsegulidwa mu 2000. Mabuku amachokera ku Taiwan, olembedwa m'zilembo zakale zimene China inazifewetsa kalekale, koma akuluakulu a boma la China amayamba awaunika n'kuchotsamo zimene sakugwirizana nazo. Mwana woteroyo amakula akudziwa kuti pali zokamba kunyumba ndi zokamba kubwalo.

Ndipo mantha awo si opeka. Mu Januwale 2016 Chou Tzu-yu, woimba wa ku Taiwan wa zaka 16, anapepesa pa vidiyo akuwerenga papepala kuti iye ndi Mtchaina, chifukwa choti anaoneka pa wailesi yakanema ku South Korea atanyamula kambendera ka kwawo. Bambo anu a nsapatowo akanati "ayi," mawuwo akanatha kuwapwetekera bizinesi. Akanati "inde," mwina akanadzinamiza okha. Ndati mwina, chifukwa si onse amaganiza mofanana. Alipo, makamaka ena amene makolo awo anawoloka ndi Chiang, amene amadzitcha Matchaina popanda vuto. Komabe kafukufuku wa yunivesite ya Chengchi ya ku Taiwan, amene anayamba mu 1992, wasonyeza kuti odzitcha Ataiwani basi anachoka pa anthu osakwana 20 mwa 100 alionse n'kupitirira 60.

Kupepesa musavutike nako, mungoidzutsanso nkhaniyo. Ulendo wina afunseni kuti kwawo ndi mzinda uti, Tainan kapena Taichung, ndiponso chakudya chimene amachisowa. Mukadzakhala awiriwiri mutha kuwauza kuti chipatala chachikulu cha ku Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, Malawi asanatembenukire ku Beijing mu nthawi ya a Bingu. Koma imeneyo musaitchule pagulu.