Alamu Atenga Makiyi a Nyumba: Lamulo Likuti Chiyani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wafunsa kuti: "Amuna anga anamwalira osasiya wilo. Maliro atangotha, achimwene awo anatenga makiyi a nyumba yomwe tinamanga m'tauni ndi mapepala a galimoto, akuti ndi chuma cha m'bale wawo. Akuti ndilibe mawu chifukwa ukwati wathu unali wa ankhoswe, wopanda setifiketi. Ndili ndi ana atatu, ndipo kwatulukiranso mwana wina amene malemuwo anabereka kunja. Nditani?"

Mayi, pepani ndi zovutazi. Ndiyambe ndi zomwe zikukusowetsani tulo: alamu anuwo alibe ufulu pa nyumbayo, ndipo zomwe achitazo ndi mlandu.

Kuyambira mu 2011 nkhani za chuma cha masiye zimayendera lamulo lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1967. Lamuloli linatseka khomo lomwe achibale ambiri ankalowera, loti "mwambo wa kwathu umatero." Munthu sangalowenso chuma cha malemu potengera mwambo. Ngati palibe wilo, gawo 17 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi anthu amene moyo wawo unkadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba, monga mabedi, mipando ndi ziwiya, ndi wanu osakambirana. Zotsala zimagawidwa pakati pa inu, ana ndi makolo a malemu ngati ali moyo. Mchimwene wamkulu, wandevu zake, wodzidyetsa yekha, palibe pomwe akulowera pamene mkazi ndi ana alipo.

Zoti mulibe setifiketi zisakuopseni. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa ankhoswe mofanana ndi wa kutchalitchi, wa kumzikiti kapena wa kwa DC. Ngakhale anthu ongolowana khoti likhoza kuwatenga ngati banja akakhala limodzi zaka zosachepera 5. Chomwe mukufunika ndi umboni basi. Pezani ankhoswe a mbali zonse, muwauze msanga kuti adzafunika, ndipo tengani kalata kwa amfumu otsimikiza kuti munali pabanja. Ndimaona kawirikawiri nkhoswe ya kuchimuna ikuyamba kuzemba ikaona kuti nkhani yafika pa ndalama, ndiye musachedwe nazo.

Tsopano mawu omwe mwina simuwakonda. Mwana wakunjayo, ngati n'zoona kuti ndi wa malemu, ali ndi gawo lake ngati ana anu atatuwo. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana kuti anabadwa bwanji. Mayi ake a mwanayo salandira kanthu ngati panalibe ukwati, koma mwanayo amalandira. Musamubise polemba mayina a ana. Akadzatulukira pambuyo, chuma mutagawa kale, nkhani idzayambiranso ndipo wooneka wachinyengo mudzakhala inu. Ngati mukukayika zoti ndi mwana wa amuna anu, kanenereni kukhoti, kumeneko ndiye amafuna umboni. Dziwaninso kuti pogawa amayang'ana misinkhu, ndipo mwana wamng'ono amayenera kupeza gawo lokulirapo poti ulendo wake wa sukulu ukadali wautali.

Poyambira ndi apa. Katengeni chiphaso cha imfa kudzera ku ofesi ya National Registration Bureau. Lembani m'kope katundu yense amene munali naye: nambala ya puloti, nambala ya galimoto, mabanki omwe malemu ankasungako ndalama, ngongole zomwe asiya. Malisiti a simenti ndi malata, ngati munasunga, ndi ofunika kwambiri, chifukwa gawo lomwe munaikapo inu pomanga nyumbayo si chuma cha masiye ayi, ndi lanu kale, ndipo liyenera kupatulidwa asanayambe kugawa. Kenako pamafunika chikalata cha kukhoti chotchedwa letters of administration, chopatsa munthu mphamvu yosonkhanitsa chumacho, kubweza ngongole ndi kugawa. Popanda chimenechi banki siikupatsani ndalama, ndipo nyumba siingagulitsidwe mwalamulo. Inuyo mukhoza kupempha chikalatachi ku High Court, komwe kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Ofesi ya DC ndi ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, zimathandizanso pa nkhanizi. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau.

Za makiyizo, musakathyole loko usiku kapena kutuma anyamata. Kadandauleni kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, munene kuti mwalandidwa chuma cha masiye. Gawo 84 la lamulo la chuma cha masiye lija limati wolanda chumachi akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala kundende mpaka zaka 10, komanso kubweza zomwe analanda. Wina akakuuzani kuti "izi n'zapabanja, kakambiraneni," mukumbutseni gawo limeneli mwaulemu. Mukamva mphekesera zoti akusaka wogula galimoto, loya akhoza kukutengerani chiletso kukhoti mwachangu. Ndipo pa msonkhano uliwonse wa pabanja musasaine pepala lomwe simunaliwerenge bwino, ngakhale akunyengerereni kuti ndi longothetsa mkangano.

Ngati malemu anali pantchito, funsani kwa abwana awo za penshoni. Ndalama imeneyi imayendera mayina omwe iwo analemba pa fomu ya olandira, si alamu amene amaigawa.

Mwina akuopsezaninso kuti mukadzakwatiwa adzakulandani zonse. Lamulo likuti kukwatiwanso sikukuchotserani zomwe mwalandira. Pokhapokha pa katundu amene ali pa malo a mafumu, monga nyumba yakumudzi, umwini umapita kwa ana omwe munabereka ndi malemuwo mukalowa banja lina. Choncho fufuzani ngati puloti ya m'tauniyo ili ndi mapepala a lizi kapena ndi malo ogawidwa ndi amfumu, ndipo mukamapita kwa loya mutenge mapepala aliwonse a malowo omwe mungawapeze.